Makina Ali ku Mangochi, Koma Lamulo Lichokera Kutali

Munthu wa kwa Makanjira amene afuna pasipoti yopitira ku Joni ayenda makilomita pafupifupi 100 kuti afike pa boma la Mangochi. Akafika pa ofesi yoona za anthu olowa ndi otuluka m'dziko apeza kalaliki ali pa kompyuta, ndipo amva kuti makina osindikizira ali m'nyumba yomweyo. Tsono iye aganiza kuti kabuku kake kabadwira momwemo, ndi kuti kakachedwa ndiye kuti kalaliki wachita ulesi kapena afuna kangachepe. Awerengi athu ambiri, ngakhale iwo amene agwira ntchito m'maofesi a Boma, aganiza chimodzimodzi. Koma nkhani siiri tero ai. Makina osindikizira ali ngati dzanja logwira cholembera; mutu umene uuza dzanjalo choti lilembe uli kwina, m'kompyuta yaikulu imene akatswiri aitcha seva, ndipo mutuwo ukakhala chete dzanja silingalembe ngakhale chilembo chimodzi.

Nkhani imeneyi iwakhudza kwambiri anthu a ku Mangochi. Kalembera wa m'chaka cha 2018 anapeza anthu 1,148,611 m'bomali, ndipo ndi mabanja owerengeka okha kwa Mponda, kwa Jalasi, kwa Katuli kapena kwa Chimwala amene alibe mbale wao ku South Africa. Makolo ao ankapita ndi Wenela, pambuyo pake ndi Theba, kufikira chaka cha 1988 pamene ulendo wa ku migodi unatsekeka. Kuyambira pamenepo anyamata adziyendera okha pa basi, kudzera ku Tete ndi ku Beitbridge, aliyense ndi kabuku kake m'thumba. Boma linachita mwanzeru poika ofesi ya mapasipoti ku Mangochi kuonjezera pa za ku Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu. Koma kuika makina pafupi ndi anthu ndi theka chabe la ntchito, ndipo theka linalo ndilo tifuna kulongosola pano.

Masiku a buku la kaboni

Akuluakulu amene anagwirapo ntchito pamene boma lino linkatchedwa Fort Johnston akumbukira m'mene chikalata cha Boma chinkabadwira. Mabuku a malisiti ndi a ziphaso ankasindikizidwa ku Zomba, kwa Wosindikiza wa Boma, tsamba lirilonse ndi nambala yake. Kalaliki ankaika kaboni pakati, nalemba ndi dzanja kapena pa taipi; Bwana D.C. ankasaina, chidindo nkugwa, ndipo mwini wake ankatenga tsamba la pamwamba, linzake nkutsala m'buku. Madzulo bukulo linkalowa m'sefa. Wowerengera chuma akabwera ankangotsegula buku ndi kuwerenga manambala. Tsamba likasowa, kalaliki ankayankha mlandu tsiku lomwelo.

Njira imeneyo inali yochedwa, ndipo munthu wosamukira ku boma lina ankayamba zonse pachiyambi popeza dzina lake linali m'buku la kumene anachokera. Koma inali ndi ubwino umodzi umene sitiyenera kuuiwala: mphamvu yonse yopereka chikalata inali m'chipinda chimodzi. Panalibe chingwe choti chiduke, panalibe magetsi oti athime.

Lero mabuku onse aja aphatikizidwa nakhala buku limodzi, ndilo seva. Kalaliki wa ku Mangochi akatsegula kompyuta yake saona buku lenileni, aona chithunzithunzi chake chokha, kudzera pa pulogalamu yotchedwa browser, yomwe ija timaonera nayo masamba a pa intaneti. Akalemba dzina la munthu ndi kudina batani, mau ake ayenda pa chingwe kukafika ku seva. Kumeneko kuli malangizo olembedwa kale ndi akatswiri, mzere ndi mzere, ouza seva zoti ichite: ifufuze ngati munthuyu ali kale ndi chikalata china, ione ngati walipira, impatse nambala yatsopano, ikonze mau oti asindikizidwe. Malangizo otere alembedwa m'zinenero za makompyuta, monga PHP imene Rasmus Lerdorf anaitulutsa m'chaka cha 1995, ndi zina zambiri zonga iyo. Chofunika kuchigwira ndi ichi: malangizowo agwira ntchito kumene kuli seva, osati pa desiki la kalaliki.

Apa ndipo pagona vuto limene liwazunguza ngakhale ophunzira za makompyuta. Seva siidziwa kanthu za makina osindikizira amene ali pambali pa kalaliki. Mukailamula kuti isindikize, iyo itumiza ntchitoyo ku makina amene iwadziwa, ndiwo a m'nyumba yake yomwe. Kalaliki adina batani m'mbali mwa mtsinje wa Shire, pepala nkutuluka m'chipinda chokhoma ku likulu kumene kulibe woliyembekeza. Ndipo browser, imene iwaona bwino makina a kalaliki, iri ndi lamulo lake lolimba: siilola tsamba la pa intaneti kusindikiza mwakachetechete. Itulutsa kabokosi kofunsa, ndipo munthu ayenera kuvomereza ndi dzanja lake.

Ena ayesa lamulo limeneli chopinga chopanda pake. Sitigwirizana nao. Chikhala kuti tsamba lirilonse likhoza kulamula makina a m'nyumba ya eni ake, munthu woipa akanatha mapepala ndi inki ya sukulu yonse usiku umodzi, kapena kutulutsa kalata yabodza pa makina a Bwana Mkubwa. Zimenezi si maloto. Kumapeto kwa chaka cha 2018 munthu wina anafufuza pa intaneti makina osindikizira amene eni ake anawasiya osatseka, natumiza uthenga wotamanda munthu wina wotchuka pa YouTube ku makina pafupifupi 50,000 m'maiko osiyanasiyana. Anthu anafika m'maofesi ao napeza mapepala atatuluka okha. Iye anachita mwa masewera. Wina akadzachita sadzaseka.

Pepala wamba ndi pepala la mtengo wapatali

Nanga tsono chikalata chituluka bwanji? Njira yofala kopambana ndi yakuti seva ikonza chikalata chonse monga fayilo ya PDF, mtundu umene kampani ya Adobe inauyambitsa m'chaka cha 1993 kuti tsamba lioneke chimodzimodzi pa makina alionse, ndipo iitumiza kwa kalaliki kuti asindikize yekha. Pa fomu yofunsira tchuthi, pa pepala loonetsa malipiro a mwezi, pa lipoti la mwana wa sukulu, njira imeneyi ikwanira ndithu, ndipo palibe chifukwa chofunira ina. Koma taonani kufooka kwake. Fayilo ikachoka m'manja mwa seva, seva siidziwanso chimene chachitika. Kalaliki akhoza kusindikiza kamodzi, kapena kakhumi, kapena osasindikiza konse. Akhoza kuiika pa fulashi ndi kupita nayo kunyumba. Lipoti la mwana likatuluka kawiri palibe aluza kanthu. Cheke ya Boma ikatuluka kawiri, waluza ndi wokhoma msonkho.

Chifukwa chake, pa zikalata za mtengo wapatali akatswiri amanga njira yoti seva iyankhule ndi makinawo maso ndi maso. Makina a ku ofesi yakutali alumikizidwa pa netiweki ya eni ake, yotsekedwa kwa anthu akunja, napatsidwa dzina ndi keyala yao. Pali chiyankhulo chogwirizana chimene makompyuta ndi makina osindikizira amvana nacho, chotchedwa IPP, chimene chinalembedwa koyamba m'chaka cha 1999; ndi icho seva ikhoza kutumiza ntchito, kufunsa ngati yatha, ndi kumva ngati pepala lakodwa kapena inki yatha. Ntchito ziima pa mzere monga anthu pa chigayo, iriyonse ndi nambala yake, ndi dzina la amene anaipempha, ndi ola lake. Kumene chingwe chivuta, ena aika kapulogalamu kakang'ono pa kompyuta ya mu ofesi, kamene kafunsa seva kawirikawiri ngati pali ntchito, nikaitenga, nikaisindikiza, nikabweza mau akuti yatheka. Mwa njira zonse ziwirizi kalaliki sakhudza fayilo ndi dzanja lake. Tsamba lotsala m'buku la kaboni labweranso, koma tsopano lisungidwa ku likulu.

Pasipoti ndiyo ipambana zonse pa kukhwima kwake. Bungwe la maiko loona za maulendo a pa ndege, ICAO, limene likulu lake liri ku Montreal, ndilo linaika muyezo wa kabukuka, ndipo linapempha maiko kuti pofika pa 24 November 2015 mapasipoti olembedwa pamanja akhale atachoka. Mizere iwiri ija ya zilembo ndi manambala m'munsi mwa chithunzi chanu iri ndi malo 44 uliwonse, ndipo iwerengedwa ndi makina pa chipata cha dziko lirilonse. Pasipoti yamakono iri ndi kachipangizo kakang'ono kobisika m'kati mwake, kosunga chithunzi ndi mbiri ya mwini wake, ndipo zimene zalembedwa m'menemo zidindidwa ndi kiyi wachinsinsi wa dziko. Ofesala wa ku Johannesburg sakhulupirira pepala, akhulupirira chidindo chosaonekacho. Kiyi wotere sangagawidwe m'maofesi onse monga m'mene tigawira makiyi a njinga zamoto. Ndicho chifukwa chake makina a ku Mangochi, ngakhale ali ndi magetsi, ndi timabuku, ndi wowayendetsa waluso, sangabereke pasipoti mwa iwo okha.

Chaka cha 2024

Zimene tanenazi zinaoneka poyera kumayambiriro kwa chaka cha 2024. M'chaka cha 2019 Boma linapangana ndi kampani ya Techno Brain za mapasipoti amakono, pa mtengo wa madola 60.8 miliyoni a ku America. Mu December 2021 Mlangizi wa Boma pa za Malamulo anathetsa panganolo. Pofika mu January 2024 ntchito yosindikiza mapasipoti inaima m'dziko lonse, ndipo mu February Pulezidenti wa nthawi imeneyo, Dr. Lazarus Chakwera, anauza Nyumba ya Malamulo kuti anthu oipa analowerera makompyuta a Dipatimenti ndi kufuna dipo, ndi kuti Boma silidzapereka dipolo. Mabungwe ena anakayika, nanena kuti gwero la vuto linali kutha kwa pangano ndi kampani ija. Pa mkangano umenewo sitiweruza pano. Kwa munthu wa ku Namwera amene anali atagulitsa mbuzi zake kuti alipire kabuku, zifukwa zonse ziwiri zinali ndi mathero amodzi: mutu unakhala chete, ndipo manja onse anayi, ku Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Mangochi, anaima pamodzi.

Ntchito inayambanso mu March chaka chomwecho, ndipo Boma linatsitsa mtengo wa pasipoti wamba kuchoka pa K90,000 kufika pa K50,000, chimene anthu anachilandira ndi manja awiri. Koma inayambira ku Lilongwe, maofesi enawo nayembekezabe. Pamenepo anthu a m'mbali mwa nyanja anakwera magalimoto kudzera ku Golomoti, nakwera phiri la ku Dedza, kukaima pa mizere ya ku likulu pamodzi ndi a ku Karonga ndi a ku Nsanje; ndipo ndalama imene Boma linawachotsera pa mtengo inathera pa ulendo, pa chakudya ndi pa malo ogona. M'chaka cha 2025 Boma linapangana ndi kampani ina, Madras Security Printers ya ku India.

Phunziro la miyezi imeneyo likhudza iwo amene alemba ndi kusaina mapangano a Boma. Pogula galimoto, Boma lilandira makiyi ndi buku lake. Pogula makompyuta a mtundu uwu pali zinthu zimene sizioneka ndi maso koma zilemera kuposa makina: mau achinsinsi a woyang'anira wamkulu, malangizo enieni aja olembedwa mzere ndi mzere, ziphaso zololeza kugwiritsa ntchito mapulogalamu, ndi kope lina la maina onse losungidwa m'nyumba ina. Zikakhala m'manja mwa wogulitsa yekha, ndiye kuti Boma lakhala mlendo m'nyumba yake yomwe. Ndipo tiyenera kukhala ndi ana a dziko lino, olipidwa bwino kuti asathawe, amene atha kuwerenga malangizowo ndi kuwakonza usiku popanda kuyembekeza ndege yochokera kunja. Malo aakulu osungirako makompyuta a Boma amene anatsegulidwa ku Blantyre m'chaka cha 2022 ndi phazi labwino. Koma nyumba payokha siiwerenga malangizo.

Tsamba lotsala lisafafanizike

Pali ngozi ina, ndipo antchito a Boma aikumbukira ndi manyazi. M'chaka cha 2013 kunaululika kuba kumene kunatchedwa Cashgate. Macheke a Boma ankakonzedwa kudzera pa makompyuta a zachuma otchedwa IFMIS. Anthu ena analowetsamo malipiro a katundu amene sanaperekedwe konse, macheke natuluka, ndalama nizitengedwa ku banki, ndipo pambuyo pake zolembedwazo zinafafanizidwa m'kompyuta. Owerengera chuma a ku Britain, a Baker Tilly, anapeza kuti m'miyezi isanu ndi umodzi yokha, kuyambira April kufikira September, ndalama zoposa K13 biliyoni zinatayika mwa njira zosiyanasiyana zachinyengo. Maiko othandiza anaimitsa thandizo lao pa bajeti, ndipo zowawa zake zinafika mpaka pa shelufu ya mankhwala ku Monkey Bay ndi ku Malindi.

Makina sanalakwe kanthu. Anasindikiza chimene anauzidwa. Cholakwa chinali chakuti munthu yemweyo amene anatha kulamula kusindikiza anathanso kung'amba tsamba lotsala. M'buku la kaboni tsamba long'ambidwa lisiya chipsera, koma m'kompyuta yosasamalidwa silisiya kanthu. Choncho seva yomangidwa bwino ilemba ntchito iriyonse pa malo amene ngakhale bwana wamkulu sangathe kufafaniza. Ilekanitsa wopempha ndi wovomereza. Ndipo chikalata chikaonongeka m'makina, monga zichitikira tsiku ndi tsiku, siilola chinzake kutuluka kufikira wamkulu atavomereza ndipo choonongekacho chitasungidwa kuti chidzawerengedwe. Kalaliki wina aona ngati kumeneku ndi kumukayikira. Kunena zoona, ndi mboni yake yokhayo pa tsiku la mlandu.

Madzi a Shire ndi chingwe

Tisaiwale magetsi. Madzi amene apita pansi pa mlatho wa Bakili Muluzi pa Mangochi ndi omwewo akazungulitsa makina a ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, kumene kuchokera magetsi ambiri a dziko lino. Komabe kukhala kumtunda kwa mtsinje sikupatsa munthu mwai uliwonse. Namondwe Ana ataononga Kapichira mu January 2022, dziko linataya pafupifupi mamegawati 130 kufikira m'chaka cha 2023, ndipo maofesi ambiri anagwira ntchito mwa apo ndi apo. Chikalata chochokera ku seva chifuna magetsi pa malo atatu nthawi imodzi: ku seva, m'njira yonse ya chingwe, ndi pa desiki la kalaliki. Pamodzi pakathima, onse akhala manja lende.

Amene anakonza kalembera wa ziphaso za unzika m'chaka cha 2017 anaganizira zimenezi. Alembi anayenda m'midzi ndi zipangizo zonyamula m'manja, zodalira mphamvu ya dzuwa, najambula zithunzi ndi zidindo za zala popanda kuyembekeza netiweki. Zolembedwazo zinasonkhanitsidwa pambuyo pake, ndipo makadi anasindikizidwa kwina nabwezedwa m'maboma. Anthu oposa 9 miliyoni analembedwa pakati pa May ndi November. Si chikalata chirichonse chingatsate njira imeneyo, koma nzeru yake ndi yomveka: gawo la ntchito limene lingatheke popanda chingwe lichitike popanda chingwe, kuti munthu wochokera kwa Makanjira asabwerere wosajambulidwa chifukwa netiweki yagwa. Kujambula ndi kulandira mafomu kupitirire, ndipo ntchito ziime pa mzere kuyembekeza chingwe. Choyembekeza chikhale makina, osati munthu wogona pa khonde.

Mau kwa aphunzitsi ndi a m'maofesi

Aphunzitsi akale akumbukira kudula sitensulo pa taipi ndi kupukusa Gestetner usiku wonse mayeso atayandikira. Lero mphunzitsi wamkulu wa sukulu ya kwa Nankumba atenga fulashi kapena foni, napita pa malo ochitira malonda kukasindikiza pa shopu ya munthu wamba. Achenjere pamenepo. Fayilo imene yatsegulidwa pa kompyuta ya eni ake kawirikawiri itsala momwemo, ndipo mau achinsinsi amene alembedwa pa browser ya pa shopu akhoza kukumbukiridwa ndi makinawo. Mndandanda wa ana ndi malikisi ao, kapena pepala la malipiro lokhala ndi nambala ya ntchito ndi ya ku banki, si zinthu zosiya m'manja mwa mlendo. Aimirire pomwepo kufikira fayilo itafafanizidwa, ndipo atseke akaunti yake asanachoke.

Kwa a m'maofesi, mlandu wofala ndiwo wobwerekana mau achinsinsi. Mnzanu apita kumaliro, nakusiyirani dzina lake lolowera kuti ntchito isaime. Mtima wake ndi wabwino, koma kuyambira ola limenelo buku la ku seva linama, pakuti lilemba dzina la munthu amene ali kumanda kwa Chowe pa chikalata chotuluka pa boma. Wamkulu wa ofesi apemphe dzina lolowera la munthu aliyense payekha, ndipo wosamutsidwa kapena wopuma ntchito dzina lake litsekedwe tsiku lomwelo.

Ndipo pamene seva yakhala chete, anthu a pa mzere auzidwe zoona, m'Chichewa ndi m'Chiyao, m'mawa ndithu dzuwa lisanakwere: kuti vuto liri pa chingwe kapena ku likulu, kuti mafomu ao alandiridwa ndipo nambala zao ndi izi, ndi kuti adzaitanidwa pa foni. Kumene kulibe mau a Boma, madobadoba a pa chipata ndiwo ayankhula, ndipo iwo alonjeza kabuku mawa lomwe pa mtengo wao, ngakhale adziwa kuti tsiku limenelo palibe makina alionse m'dziko muno amene angakatulutse.